Ndowa Imene Inapita ku Thyolo M'malo Mwanga

Ndiyambe ndi kuulula, poti ukalamba wandichotsera manyazi pamodzi ndi mano. Mpaka zaka khumi ndi zitatu ndinkakhulupirira kuti luso amachita kutemera. Ndinkati telala, kalipentala, ngakhale dalaivala wa basi, aliyense ali ndi mphini zake pamkono, ndipo sukulu ndi ya ana amene makolo awo sadziwa sing'anga wabwino. N'chifukwa chake nditalephera Sitandade 5 kachiwiri sindinadandaule. Amene anadandaula ndi amalume.

Anabwera kuchokera ku Thyolo ndi chipewa chawo cha ukapitawo, n'kukhala pa mpando umodzi womwe tinali nawo kwathu ku Ndirande. Anandiyang'ana ngati mbuzi yomwe akukayika kuigula. Anati mwana wa mlongo wawo sangamangozungulira m'tauni, mvula yoyamba ikagwa adzanditenga ndikathyole tiyi. Mayi anachonderera mpaka anamvana chimodzi: ndikaphunzire kukhoma zidebe, ndipo ngati pofika mvula ndidzakhale nditakhoma ndekha ndowa yosunga madzi, nditsala. Ikadontha, Thyolo.

Inu a masiku ano simuidziwa Ndirande ya nthawi imeneyo. Phiri linali ndi mitengo, ndipo m'mawa wa chiperoni nkhungu inkatsika pang'onopang'ono ngati nayonso ikubwera kudzagula kanthu kumsika. M'kati mwa nkhungumo munkamveka mahamala okhaokha, ngwe, ngwe, ngwe, anthu ake osaoneka. Ndinatsata phokosolo mpaka pa shedi ya a Nampeya, bambo wamfupi amene anachokera ku Mozambiki ali mwana, woyankhula Chinyanja chonunkhira Chilomwe. Chuma chawo chinali mizati inayi, denga la migolo yophwanya, chidutswa cha njanji chokhomerapo, ndi antchito awiri.

Ine ndinafika ndi lezala yatsopano, ikadali m'pepala lake.

"Iyi ndi ya chiyani?"

"Munditemere, abwana, ndisakutayitseni nthawi."

Sanaseke. Anaiika m'thumba la malaya. "Tidzatema. Koma mankhwala anga sagwira munthu wosadziwa chimene akufuna. Iwe ukufuna chiyani?"

"Kukhala mmisiri."

"Awo ndi mawu a pa Sande. Ukufuna chiyani?"

"Sindikufuna kupita ku Thyolo."

"Icho n'chimene ukuthawa. Ndafunsa chimene ukufuna."

Kenako anangokhala chete. Abale, munthu uja ankadziwa kukhala chete. Ntchentche inatera pabondo panga, n'kupukuta manja ake, n'kuuluka, iwo akudikirabe. Mapeto ake ndinati, "Ndowa imodzi yosadontha, mvula isanagwe."

"Eya," anatero. "Chimenecho tingathe kuchiona ndi maso."

Anandionetsa kamodzi kadulidwe ka lata, kapindidwe ka msoko ndi kalumikizidwe ka thako la ndowa. Kamodzi kokha. Kuchokera apo hamala sanandilandenso m'manja. Loweruka lililonse masana zida zinkaikidwa pansi, ndipo aliyense wa ife, ngakhale wantchito wa ndevu amene anali ndi ana atatu, ankakhala pa ndowa yovundikira moyang'anana nawo. Mafunso anali omwewo: sabata ino unkafuna chiyani, waona chiyani, Lolemba uyesa chiyani. Pa shedi yoyandikana nafe abwana ake ankaphunzitsa ndi waya wa kumatako, ndipo kunena zoona ine ndinkawasirira anyamata a kumeneko. Iwo ankamenyedwa, inde, koma ankauzidwa pomwe alakwitsa.

Ndowa ankaiyesa chonchi: kuidzaza madzi n'kuikhazika pa pepala la thumba la simenti. Zanga zisanu zoyamba zonse zinajambula mwezi wonyowa papepalapo. Chiperoni chinatha, dzuwa linakula, malata anayamba kuotcha zala. Mitengo ya jakaranda inathira maluwa ake mumsewu, ndipo madzulo mitambo inayamba kuunjikana cha ku Mpingwe ngati achibale okambirana za mlandu wanga. Mayi ndinawaona akusoka chigamba pa kabudula wanga wabwino uja, wa paulendo.

Apa ndiye nzeru zanga zinadzuka. Ndinabudula sopo wochapira wa mayi n'kumata msoko wonse wa ndowa yachisanu ndi chimodzi, m'kati, mwaukhondo ndithu. A Nampeya anathiramo madzi. Pepala linali gwa, louma. Mtima wanga unayamba kale kuimba. Kenako anatola kamtengo n'kutakasa madziwo mwaulesi, akuyang'ana kumbali. Thovu linakwera, loyera ngati la mowa wa masese, mpaka kusefukira. Antchito aja anagwa nako kuseka. Wa ndevu uja anati, "Abwana, iyi tikweze mtengo, imachapa yokha!"

Ndinatseka maso kudikira khofi. M'malo mwake ndinamva funso.

"Sopoyu unamupaka pati?"

"Ponseponse."

"Ndiye kuti sudziwa pomwe ikudontha. Itsuke, uthire madzi, ukhale uiyang'ane. Lero hamala usaigwire."

Masana amenewo sindinawaiwale. Ndinagona chafufumimba kuseri kwa shedi, ndowa ili pa njerwa ziwiri. Poyamba ndinkangoona manyazi anga. Kenako madzi anadekha, ndipo ndikadzutsa mutu ndinkaona thambo lonse litalowa m'ndowamo. Khwangwala anadutsa m'madzimo osanyowa. Nsonga ya phiri inalendewera chadodolido. Mahamala anamveka ngati akulira kutali, kutsidya la tulo, ndipo ndinaona mizere ya tiyi yobiriwira yosatha, ine ndili pakati ndi dengu kumsana, wamng'ono ngati nyerere. Sindidziwa ngati ndinagona tulo. Chimene ndikudziwa n'chakuti nditatsitsa maso, pansi pa ndowa panali kadontho kakang'ono ngati diso la nsomba, kakutupa pang'onopang'ono, dzuwa lili m'kati mwake. Kanagwa. Kena kanabadwa pamalo omwewo, pomwe msoko wa m'mbali umakumana ndi thako.

Ndinathamangira ndowa zisanu zija. Zonse zinkadontha pamalo amodzimodzi. Ndipomwe ndinkamalizira kukhoma, mkono utatopa, mtima uli kale ku mpira, ndiye ndinkapamenya mwaukali kuti zithe, mpendero wa msokowo n'kuphwanyika.

"Waona chiyani?" anafunsa a Nampeya, ngakhale silinali Loweruka.

"Imadontha pomwe ndimamalizira."

"Nanga uyesa chiyani?"

"Ndiziyambira pomwepo, mkono ukadali ndi nzeru."

"Ine mafunso andithera."

Sabata yathunthu ndinakhoma malo amodzi omwewo pa zidutswa zotaya. Ndowa yachisanu ndi chiwiri inakhala papepala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pepala osadziwa n'komwe kuti pamwamba pake pali madzi. Ndinawatambasulira mkono a Nampeya kuti tsopano ateme. Anatembenuza manja anga, n'kuyang'ana timabala ta malata tomwe tinali mbwee m'zala zonse.

"Malata akutemera kale," anatero. "Lezala ija ndinameta nayo ndevu."

Mvula itagwa amalume anabweradi. Anaidzaza ndowayo okha, anaisisita kunsi ndi chala, anainunkhiza, pakuti mbiri ya sopo inali itawafika. Sananene kuti ndachita bwino. Anangoinyamula n'kukwera nayo basi. Ku Thyolo kunapita ndowa, ine ndinatsala.

Pano ndili ku Zingwangwa, ndipo pa shedi yanga padutsa anthu ambiri. Ndivomere kuti ambiri ndinawakalipira kuposa kuwafunsa, chifukwa kukalipa n'kwachangu ndipo kumakoma. Koma ndaona kuti amene ndinawauza yankho ankabweranso mawa lake kudzafuna lina, pomwe amene ndinawasiya aone kadontho kawo, lero ali ndi mashedi awo ku Bangwe ndi ku Machinjiri, ena sandipatsanso moni bwinobwino.

Mwezi watha mdzukulu wanga Tadala, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, anatiuza kuti mabwana ake anatumizidwa ku hotela kukaphunzira kufunsa antchito mafunso. Akuti bwana azikhala kochi, ngati wa mpira. Ndinaseka mpaka kutsokomola, n'kumufotokozera zonsezi kuyambira pa lezala. Atapita ndinamva kuti nzeru zandidzadza, zikusowa pothira. Ndinatembenukira kwa mayi a kunyumba, amene ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi kanthu, ali pamphasa akusankha nyemba.

"Amake Joni, kodi inuyo pa moyo wanu mumafuna chiyani?"

Anasiya nyemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyesetsa kukhala chete ngati a Nampeya, ngakhale lilime linkayabwa.

"Ndinkafuna kuphunzira kusoka pa makina," anatero. "Ndinakuuzani chaka chomwe Joni anabadwa, koma munali m'kati mwa nkhani ya ndowa yomweyi. Ndikufunabe. Nanga inu Lolemba muyesa chiyani?"