Kachala ka Anti Haunani

Pa chilumba cha Lanai palibe amene anaphunzira ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, osadutsa m'manja mwa Anti Haunani Kealamakia. Utsikana wawo anauthera m'minda ya zinanazi, ndipo kumeneko bokosi linawaphwanya kachala kakumapeto ka kumanzere. Kanapola kali njo, kosapindika.

Minda itatsekedwa, anayamba kuphunzitsa ana a pulayimale magwiridwe atatu oyambira: C, F ndi G7. Ankaphunzitsa monga anaphunzirira kwa bambo awo: maso padzanja, makutu pansambo, pakamwa potseka. Mwana akafunsa kuti chala achiike pati, ankamuyankha kuti, "Maso akowo ndi okongoletsa nkhope? Yang'ana kuno!"

Anawo ankayang'anadi, mpaka kutengera ndi zosafunika zomwe. Aliyense ankaimba kachala kali m'mwamba. Anti ankakalipa, koma mawu ankangopita ndi mphepo.

Chaka china nyamakazi inawagwira dzanja lija. Patatsala masabata ochepa kuti lifike tsiku la nkhata zamaluwa, pamene ana amaimbira makolo pabwalo la sukulu, zala zinakana kutsindika nsambo. Anti anachita mantha. Ana awo sankadziwa kuimba popanda dzanja loliyang'ana, ndipo iwo sankadziwa njira ina yophunzitsira. Anayesa kufotokoza ndi pakamwa. Panangotuluka phokoso la zitini.

Kaleo, woyendetsa basi ya sukulu, amenenso anali wophunzira wawo kalekale, anawapeza atakhala pakhonde, ukulele uli pambali.

"Anti, bwanji ndiimeko ine kutsogolo tsiku limenelo?"

"Iwe? Uja unkalira ndi G7 mpaka mamina?"

"Ndinakula, Anti."

"Unakula mimba. Kayendetse basi yako."

Kaleo anachoka akuseka, koma Anti anatsala akutembenuza dzanja lawo. Kutsindika linkakana, inde, koma kupindika linkapindikabe pang'ono. M'mawa mwake analowa m'kalasi chimanjamanja, nakweza dzanjalo m'malere.

Tsiku lija linafika. Ana anakhala pamabenchi, nkhata m'khosi, makolo atadzaza bwalo. Anti anaima kutsogolo opanda ukulele. Anakweza dzanja, napinda chala chimodzi. C analira bwinobwino. Anapinda ziwiri, F anabwera. Kenako zitatu zija zovutazo, zimene zinawalasa ululu mpaka m'chigongono. G7 anatuluka woyera, osatsalira mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo nyimbo inayenda mpaka kumapeto.

Tizala takumapeto tonse pamabenchipo tinali njo!

Anti ankayembekeza kumva kuomba m'manja, koma kumbuyo kunali zii. Anatembenuka. Kaleo anali ataimirira, dzanja lamanzere m'mwamba, kachala kali chilili. Pambali pake namwino wa kuchipatala, asodzi, mayi wogulitsa nsomba zouma, abusa, onse anakweza manja chimodzimodzi. Theka la bwalo linali ana awo.

Misozi inawalengeza, ndipo sanaibise. Anali osangalala kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wawo.

"Anthu opusa inu!" anakuwa Anti. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti kachalaka kanathyoka ndi bokosi!"

"Tikudziwa, Anti," anatero Kaleo. "Koma ife popanda iko sitimatha."