Mchila wa Njobvu

A Eustace Njobvu anali mwana woyamba wa a Jonas Njobvu ndi amai Rhoda Daka, alimi a thonje a ku Ndake. Pambuyo pawo panabadwa atsikana awili amene sanakule, kenaka mzime, Wilbroad, amene anakula msinkhu wokha. A Eustace anakwatila Bernadette wa ku Minga, nabeleka Mildred, Benson ndi Ennie, ana olongosoka onse atatu, opanda ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pa bwalo la milandu. Wofuna kutsutsa abwele adzatsutse.

Ufulu unawapeza ali kale mnyamata wa ndevu, akugwila ntchito m'galaji ya mmwenye wina ku Chipata. Anzawo ankathamangila injini, poti injini ili ndi phokoso ndipo anthu amaima kuonelela. Iwo anasankha mawaya, ntchito yogwila munthu atapinda msana, mutu uli pansi pa chiwongolelo, wopanda womuombela m'manja. Atate awo atamwalila anabwelela kufupi ndi kwawo, namanga kashedi ka malata kuseli kwa msika wa pa Petauke.

Mbili yawo inachokela ku zitunda. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Lusaka akuzidziwa zitunda za kupitilila Nyimba. Mavaneti a masiku amenewo anali nkhalamba zenizeni, ndipo fani ya motoka yakale imazungulila ndi lamba wa injini. Ikayamba kukwawa pa chitunda itasenza matumba, mphepo siikwanila, madzi a mu ledieta amawila ngati a tiyi. Okwela ankatsika kukasaka madzi m'mitsinje youma, dalaivala atakhala pa mwala akutukwana amene anaipanga. Zitsulo zatsopano kunalibe. M'sitolo munalibe ndi sopo yemwe, nanga ledieta ikanachokela kuti?

A Eustace ankazula mafani a magetsi ku timotoka ting'onoting'ono tomwe tinathela m'maphompho, n'kuwamangilila kutsogolo kwa ledieta. Koma fani payokha si kanthu, nkhani ndi mawaya. Waya wonenepa unkachoka ku batile n'kudzela pa fyuzi. Kawaya kowonda kankapita ku swichi pafupi ndi bondo la dalaivala. Wina wakuda unkaluma chitsulo cha motoka, ndipo pakati pankakhala kabokosi kolila kuti tcha munthu akayatsa. Polumikiza paliponse ankasungunulilapo mtovu. Tepi itasowa, Bernadette ankalenga chubu cha njinga kukhala timizele, ndipo awiliwo ankakulunga mawaya onse kukhala chingwe chimodzi chakuda, chonenepa ngati chala chachikulu, kunsonga kwake kuli nyankhalala ngati ubweya. Madalaivala ndi amene anachipatsa dzina: mchila wa Njobvu.

"Uli ndi mchila?" ankafunsana pa sitesheni. "Ngati ulibe, senzelatu mgolo wa madzi."

Mwini motoka aliyense ankauzidwa mau omwewo asanachoke. "Fyuzi iyi ndi mlonda. Ikapsa, mubwele kuno. Musaikepo msomali, musaikepo pepala la fodya." Ndipo pa zaka zonsezo panalibe motoka ya mchila imene inafuka ngakhale utsi.

Tsopano Wilbroad. Khasu linkamutupitsa manja, sukulu inkamupweteka mutu, koma pakamwa anali napo. Nthawi ya chipani chimodzi pakamwa panali munda, ndipo iye ankalimapo dzinja ndi chilimwe. Analowa m'kakomiti ka kumudzi, nayamba kuvala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mmene anaipezela vaneti palibe anadziwa bwino. Inali yotuwa, yopanda galasi limodzi, yowila ngakhale potsetseleka. Anaikankhitsa mpaka pa shedi ya mkulu wake.

"Akulu, manja anu ndi mankhwala. Dziko lonse likamba."

"Kamba chimene wabwelela."

"Kamotoka kanga kali ndi malungo."

"Malungo kalibe. Chimene kakudwala ndi mwini wake."

Anaseka onse awili, poti nthawi imeneyo kusekelana kunalipo. A Eustace anatulutsa fani yabwino koposa, imene ankasungila ntchito yaikulu, naluka mchila wosalala ngati wopita ku chionetselo. Sanapemphe kanthu. Anangoti vanetiyo izitengako thonje la amai awo kupita nalo kogulitsila.

Mwezi wa Okutobala, pa chikondwelelo cha ufulu, ku Ndake kunabwela mlendo wamkulu wochokela ku boma, munthu wa thupi lake. Anamukhazika mumsasa wa udzu pa bwalo, ndipo kwaya isanamalize nyimbo yoyamba malaya ake anali atamatilila pamimba. Ankadzikupiza ndi chipewa, maso ali ku motoka yake. Wilbroad anaona. Anathamangila ku vaneti, natsegula boneti, natulutsa mpeni wa m'thumba. Ntchito ya mkulu wake, yoluka anthu awili atagwada, anaicheka ngati akudula matumbo a nkhuku. Anamasula fani, nanyamula batile, nakaika zonse pa mtondo wovundikila patsogolo pa mlendo. Atagunditsa mawaya, mphepo inaomba.

Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Mlendo anatambasula miyendo, natsegula batani.

"Kodi mnyamata wochenjela uyu ndi wa yani?"

Wilbroad anagwada, akuomba m'manja, mano onse ali panja. Asa! Mwamuna wa ndevu zake, kugwadila mkhwapa za munthu ndi thukuta la mbale wake. Ndipo sanatchule n'komwe dzina la amene anaiika fani ija.

Mlendo atapita, panatsala kupeleka azimai a kwaya kwawo cha ku Nyimba. Wilbroad anabwezela fani mothamanga. Fyuzi inali itagwela m'fumbi, ovina ataipondaponda. Anangopota mawaya ndi zala, nawalumikiza ku batile mwachindunji, nakulunga ndi pepala la shuga. Msewu wa mabampu unachita zotsalazo. Waya wamaliseche unakhuza chitsulo, utsi unatuluka pansi pa boneti, azimai analumpha wina uku wina uku, zitenje zili m'manja. Mulungu anachita chifundo, sipanafe munthu. Koma ng'oma za kwaya zinapsa, ndipo vaneti inatsala chigoba chakuda m'mphepete mwa munda wa eni ake.

Phulusa lisanazizile, Wilbroad anali kale pa sitesheni ya Petauke, madalaivala atamuzungulila.

"Yapsa bwanji, a Njobvu ang'ono?"

"Kaya. Ine ndinaona chabe moto uchokela ku mchila."

Anatelo basi. Sanawonjezepo, sanalumbile, anangopukusa mutu ngati munthu womvela chisoni mbale wake. Mau amenewo anakwela basi ya ku Lusaka, ena anakwela ya ku Chipata, ndipo pofika Loweluka panalibe dalaivala pa msewu wonse amene sanawamve.

Mavaneti anayamba kufika pa shedi, koma osati kudzaikitsa.

"A Njobvu, tichotseleni chinthu chanu."

"Chakulakwilani chiyani?"

"Sichinalakwe. Tikufuna chichoke chisanalakwe."

Wina, a Abraham Mvula, amene mchila unawakweza zitunda zaka zambili osatsikapo kukatunga madzi, ndiwo anabaya kwambili. "Ngati mwaotcha ya mng'ono wanu, mimba imodzi, yanga ine mudzaikazinga ndi anyezi." Anthu anaseka. A Eustace anagona pansi pa motoka namasula ndi manja awo ntchito yopanda chilema. Madzulo pakona ya shedi panali mulu wa michila ngati njoka zophedwa.

Nanga anthu a ku Ndake, amene anaona ndi maso awo fani ili pa mtondo? Bwalo lonse linaona, ana ndi agalu omwe. Koma mlendo uja sanamuiwale mnyamata wochenjela. Pasanapite nthawi Wilbroad ndiye ankaima pakhomo la sitolo tsiku lofika saladi, mafuta ophikila aja, ndi feteleza, kuloza amene alowe ndi amene adikile. Ndani akanakangana ndi khomo la saladi? Anthu opemphela, oimba mokweza Lamulungu, anasoka milomo chifukwa cha botolo la mafuta.

A Eustace anapalasa njinga kukaona chigoba chija. Anafukula phulusa ndi kamtengo mpaka anapeza chimene ankafuna: mkuwa wodulidwa mosalala ndi mpeni, wopotedwa ndi zala, wopanda ndi dontho lomwe la mtovu. Pobwelela anakumana ndi amai Eneless a m'kwaya, akutsimphina ndi mwendo umene anaubinya polumpha. Iwo ndiwo anawafotokozela za mtondo ndi mlendo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Koma musanditchule, bambo. Ndili ndi ana."

Abale awiliwo anakumana pakhonde pa amai awo masana, amai Rhoda atakhala pa mphasa pakati pa ana awo awili. A Eustace anaika kawaya kaja pansi.

"Uyu ndi waya wanga. Kupota uku ndi kwa yani?"

Wilbroad anayang'ana nkhuku zimene zinkadutsa. "Akulu, mlendo anali kufa ndi thukuta. Mukanakonda akomokele pa Ndake pano? Likanaipa dzina la mudzi wonse."

"Ndiye unasankha kuti dzina langa ndilo life."

"Ine sindinakambe kuti ndinu. Ndinakamba kuti mchila."

"Mchila uli ndi mwini, iwe! Mvela. Fani sindiifuna, motoka inali yako. Upite pa sitesheni, pomwe unaimilila paja, ukakambe kuti unadula ndiwe. Ukapanda kupita, ndipita ndine ndi waya uyu."

Amai Rhoda anawagwila mwendo. "Eustace, mwana wanga, musakavulane pa msika. Ndatsala ndi inu awili. Pakamwa pomwe panaipitsa ndi pomwe pakatsuke. Iwe usakamuyalutse, apita yekha. Ndilonjeze."

A Eustace analonjeza. Ankadziwanso mumtima kuti mmisili akadzikanila yekha palibe amamumvela, poti ndi mmisili uti anavomelapo kuti ntchito yake yaotcha motoka? Mau oyeletsa anayenela kutuluka mwa mwini vaneti. Bernadette atamva anamanga chitenje kuti akaime yekha pa sitesheni akambe zonse, koma amuna ake anaima pakhomo. Lonjezo kwa amai ndi lonjezo.

"Ndizapita mailo," anatelo Wilbroad.

Kwathu kuno mailo ndi tsiku lapita, mailo ndi tsiku likubwela, ndipo munthu woona mtima amaonetsa kumene akuloza. Wilbroad anapeza nyumba pakati pa awiliwo nakhalamo. Amai ake akamufunsa kuti, "Nanga za ku sitesheni zija?" ankayankha kuti, "Mailo, amama," nkhalamba n'kupuma mtima pansi poganiza kuti zinachitika dzulo. Mkulu wake akamufunsa, "Mailo, akulu," n'kumveka ngati mawa. Mvula inagwa, thonje linatoledwa, inagwanso ina. Amai Rhoda anamwalila akuthokoza Mulungu kuti ana awo anakonza nkhani yawo, ndipo a Eustace analibe mtima wowauza zoona ali pa mphasa ya imfa. Pa malilo Wilbroad ndiye analila mokweza kuposa onse, mpaka anthu awili kumugwilila.

Shedi inatsekedwa. Malata ake anakafolela khola. A Eustace anabwelela ku Ndake kukalima munda wa atate awo, namakonzako mawailesi ndi matochi a anthu omwe aja amene anasoka milomo. Benson, amene anali ndi manja a atate ake, anakana kugwila waya. Anati sangalowe ntchito imene dzina lake linapsa kale, napita ku Lusaka kukaphunzila ukalipentala. Ichi ndicho chinawapweteka a Eustace kuposa njala ya zaka zimenezo. Pa zitunda za Nyimba mavaneti anayambanso kuwila, okwela kutsika ndi zigubu, michila yabwinobwino ili m'thumba pansi pa bedi.

Mphepo ya ndale itayamba kutembenuka, khomo la saladi linatha mphamvu, ndipo anthu anasiya kumupatsa moni woyamba Wilbroad. Tsiku lina m'mawa anatulukila pa munda wa mkulu wake, jekete itang'ambika pachigongono, akukoka mbuzi yaikazi.

"Akulu, takalamba. Tisapite nazo kumanda. Landilani iyi, zithe."

A Eustace anatsamila khasu, naiyang'ana mbuziyo kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Yonona ndithu. Iziwa kukamba?"

"Akulu, musaseke."

"Sindiseka. Ngati iziwa kukamba, pita nayo pa sitesheni ikakambe amene anadula waya. Ngati siiziwa, wabwela ndi yolakwika."

"Nkhani yakale iyo, ndani aikumbuka? Ena anafa, ena anasamuka."

"A Mvula alipo. Amakhala pa benchi pafupi ndi ogulitsa nthochi. Makutu ayamba kutseka, uzakamba mokweza."

Wilbroad anaima kanthawi, chingwe chili m'manja, mbuzi ikudya masamba a thonje. Kenaka anaikoka. A Eustace anamupenya mpaka pa mphambano, pomwe njila ina imapita ku msewu wa mabasi, ina kumudzi. Anakhotela kumudzi.

Mau ongovomela kuti anadula waya ndiye, asanu kapena asanu ndi limodzi, osafuna ndalama, osafuna mboni ya boma. Mpaka lelo akali m'kamwa mwa Wilbroad, ndipo a Mvula tsopano samva ngakhale hutala ya basi.