Achimwene agwa m'munda wa mpunga

Moni nonse.

Achimwene a Fulanki agwa lero kudambo. Ali bwino, musavutike kuimba foni.

Kwa amene simukudziwa, patha milungu itatu akudya kuyambira 12 koloko masana kulekeza 6 koloko madzulo basi. Akuti m'mimba mumafunika kupuma kuti muzigaya bwino chakudya. Koma kumunda amalawirira 5 koloko, osalawa kanthu.

Tili mkati mowokera mbande, ndinangoona munthu wakhala pansi m'matope. Ndinawakokera pamthunzi, alamu n'kuthamangira kunyumba kukatenga thobwa. Achimwenewo, milomo ili mbuu, anatulutsa foni n'kuyang'ana nthawi. "Kwatsala mphindi makumi awiri," anatero. Thobwa litabwera, anangogwira kapu mpaka 12 inakwana. Ndiye anamwa.

Kuchipatala anamwino anati kudya pa maola oikika sikumavuta kwa munthu wabwinobwino, koma osati wogwira khasu m'mimba mulibe kanthu. Anapezanso kuti akangodya nyemba ndi masamba amatsirapo tiyi wakuda bii, ndipo tiyiyo amalepheretsa thupi kutenga bwino zowonjezera magazi. Zoti achimwene adzagwa ine ndinawauza kale. Anati wosiyira sukulu Fomu 2 angadziwe chiyani.

Mbande tinazula kale, zikakhala masiku awiri ziwonongeka. Iwo akuti mawa abwerera kudambo, kadyedwe komweko. Ndekha sindingamalize, ndipo kunyamulanso bambo wamkulu m'matope sindichita.

Amalume, azakhali, inu amakumverani. Muwauza kuti azidya m'mawa, kapena mutumiza munthu wina adzawokere?