Injini ya a Luhanga

Ku Masasa, mumzinda wa Mzuzu, kunalibe munthu wodedwa ngati a Amon Luhanga. Iwo ankadziwa, koma sizinkawasowetsa tulo. Anagwira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa mpaka makina anawadya makutu: lakumanzere linaferatu, lakumanja linkamva pokhapokha mutakuwa. Atapuma ntchito anamanga nyumba pamtunda, nakoka magetsi, nagula filiji, gumbagumba ndi vidiyo. Ana akasuzumira pawindo ankawathira madzi, ndipo moni ankayankha ndi chibwano. Anthu ankati mkuluyu ndi chikuni chachiwisi, sichiyaka, chimangofuka.

Komatu nkhalambayo inali ndi bala. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hudson, yemwe anali mphunzitsi, analankhula zonyoza chipani pamaliro ena, ndipo asanamugwire anadumpha malire. Zaka zinadutsa popanda uthenga, kaya ali moyo kaya anafa. Mu 1992 kunamveka manong'onong'o akuti othawa ayamba kulankhula pa wailesi ina ya kunja dzuwa likapendeka. Kupezeka ukumvera wailesi imeneyo kunali kudziputira ndende. Anthu ankamvera motsitsa, zitseko zili chitsekere. Nanga gonthi atsitsa bwanji? Kuti a Luhanga amve kanthu, ankayenera kukweza mpaka wodutsa pamsewu naye amve.

Nyengo imeneyo magetsi ankazimazima, choncho palibe anadabwa kuwaona kumsika kwa Meckson, wokonza zamagetsi.

"Adada, tengani mabatire awiri a lole," anakuwa Meckson. "Gumbagumba ndi vidiyo ziziyenda bwino chomene, popanda phokoso. Filiji musade nayo nkhawa, Mzuzu muno n'kozizira kale."

"Nanga icho?" A Luhanga analoza chiinjini cha magetsi chadzimbiri chimene chinali pakona.

"Icho ndi chiwanda, adada. Paipi ya utsi inang'ambika. Chikalira, ngakhale a ku Salisbury Lines, kutali konseko, amatseka mawindo."

"Ndikufuna chomwecho."

"Ndiyambe ndawotcherera paipiyo?"

"Ukangoikhudza sindigula."

Anachiika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda wa NyaMsowoya, mayi wamasiye wokazinga mandasi, amene pakamwa pake panali pakuthwa kale. Madzulo aliwonse, magetsi azime asazime, ankachiliza. Wofunsa ankamuuza kuti injini imafuna kutenthetsa tsiku ndi tsiku. Injiniyo inkayendetsa filiji ndi gumbagumba, koma kawailesi kawo kankadya mabatire a tochi, chifukwa akakalumikiza ku injini kankangosokosera. Kunja kukamagunda, iwo ankakhala kuchipinda, khutu lamoyo lija lili pa wailesi, kudikira dzina la mwana wawo.

NyaMsowoya anaona zakuda. Zovala pachingwe zinkada ndi utsi, nkhuku zinasiya kuikira, mandasi ankanunkha petulo.

"Imwe a Luhanga!" ankakuwa pampanda. "Makutu anu anafa, ndiye mukufuna athunso afe? Chiuta akukuonani!"

"Mukuti chiyani?" ankayankha dala a Luhanga, dzanja lili kukhutu lakufalo. "Mandasi? Sindidya mandasi onunkha petulo ine."

Udani unakula. Mayiwo ankathira madzi otsukira mbale pakhomo pa nkhalambayo, nkhalambayo n'kumatembenuzira paipi ya utsi kukhitchini kwawo. NyaMsowoya anakasuma kwa a Zebedee, tcheyamani wa chipani m'deralo. A Zebedee anabwera mwaukali, anaona khadi la chipani la a Luhanga, analandira botolo lozizira la m'filijimo, mlandu n'kuthera pompo.

Loweruka lina makasitomala anabweza beseni lonse la mandasi. Tsikulo a Zebedee ndi anyamata awo anali pampopi, kumunsi pang'ono, kufunsa makhadi amayi otunga madzi. Injini itangoyamba kulira, NyaMsowoya anaboola mpanda, natenga mtengo n'kuzula waya wa pulagi ya injiniyo. Chiwandacho chinatsokomola kawiri n'kufa. Masasa yense anangoti zii, ndipo m'bata limenelo wailesi ya kunja inamveka ngati mlaliki wa pamsika.

A Luhanga sanadziwe kanthu. Nthawi yomweyo muulutsi anali atatchula dzina lomveka ngati Luhanga, ndipo mwamuna wina anayamba kulankhula. A Luhanga anakweza wailesi mpaka pamapeto. Mawuwo ankawafika ngati a munthu wolankhulira mumtsuko. Kodi ndi Hudson, kapena Luhanga wina? Anatukwana makutu awo, anatukwana macheka a ku Chikangawa. Kenaka pawindo anaona NyaMsowoya ataima pakhomo pawo penipeni, akumenya beseni ndi mthiko, kukamwa kuli yasa.

"Mfiti iyi, lero lomwe!" anatero a Luhanga, nadzuka kuti akathane nawo. Ataponda pansi anaima. Simenti sinkanjenjemera kumapazi monga inkachitira injini ikamalira. Injini inali itazima. Anazimitsa wailesi, natuluka.

Panja anthu anali atadzaza, a Zebedee akukwera mtunda ndi anyamata awo. NyaMsowoya ankamenyabe beseni, lomwe tsopano linali litaphwanyika m'mbali.

"Gonthi wopanda chisoni! Nkhalamba youma mtima! Mudzaikidwa ndi injini yanuyo, ife kumaliro kwanu yayi!"

"Mama, taimani kaye," anatero a Zebedee. "Ine ndamva ngati wailesi."

"Wailesi yanji? Ndine ndikulankhula, kapena ndibwereze? Inu si aja ndinakusumirani, nkhalambayi n'kukutsekani pakamwa ndi botolo limodzi? Lero mwabwera kudzamwa lachiwiri?"

Amayi a pampopi anaseka mpaka kugwirana mapewa. A Zebedee anayang'ana anyamata awo, nati nkhani za anthu oyandikana nyumba n'zovuta, ndipo anatsika mtunda mofulumira kuposa mmene anaukwerera.

A Luhanga anangoima pakhonde. NyaMsowoya anawayandikira nkhope ili gwaa, nawagwira kolala ya malaya, n'kuika pakamwa pakhutu lamoyo lija. Oonerera anaganiza kuti akuwalavulira temberero lomaliza.

"Ndi iyeyo," anatero. "Ndi Hudson. Chibwibwi chake chija sichinathe."

Anawakankha, natola beseni lawo, n'kubwerera kudzera poboola paja.

A Luhanga anazungulira kuseri kwa nyumba. Analumikiza waya uja, nakoka chingwe, injini n'kubangula. Kutsidya kwa mpanda matemberero anayambiranso. Iwo anakhala pansi mu utsimo, nafungatira mawondo, ndipo analira mokweza monga sanalirepo chichokereni mwana wawo, popanda munthu wowamva.