Impso ya atate inapita kwa mana Rozita

Ndikukumbukira chaka chomwe tinabwerera kwathu ku Fingoe kuchokera ku Zambia, nkhondo itatha. Tinapeza nyumba yathu ilibe denga, mtengo wa mpoza utamera pakati pa chipinda. Tonse tinkagona mumsasa wa udzu, koma chipinda choyamba kufoleredwa chinali cha mana Rozita, akulu anga.

Tili ku Zambia impso za mana zinafa, ndipo a mishoni anawatumiza ku Joni pamodzi ndi atate, omwe anawapatsa impso yawo imodzi. Mana anabwerako ndi mapiritsi akumwa moyo wonse, ogonetsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane impso yachilendoyo. Amayi ankati chifuwa wamba chikhoza kuwapha.

Ine izi sindinkazimva. Ndinkangoona kuti mana ali ndi kopo yawoyawo, neti yoyera, nsapato, ndi sabawo wosambira wonunkhira mandimu amene ine ndinkangomununkhiza pobisala. Madzi ndinkatunga ndine, khosi kuchita kuuma, amayi n'kuwiritsa, mana n'kumwa. Poponda dothi la njerwa mapazi anga anang'ambika, awo ali osalala ngati a khanda. Chinkandipweteka koposa chinali choti atate ndi mana onse anali ndi zipsera za opareshoni, ndipo ankaseka kuti zimayabwa mvula ikayandikira. Ine chipsera changa chinali cha minga basi.

Tsiku lina ndinadzuka thupi lili moto, matuza ali mbwee pamimba. Katsabola. Mumtima ndinasangalala kuti nthawi yanga yafika, nanenso andiphikira phala la shuga. Koma amayi ataona matuzawo anabwerera m'mbuyo, nkhope itagwa. Sanandikhudze, poti manja omwewo ndiwo ankasamalira mana. M'mawa womwewo atate anandikweza panjinga kupita kwa azakhali ku Chipera.

Dzuwa linkaswa mtengo, fumbi likumata pamatuza. Tili pachitunda ndinawafunsa: "Atate, nanenso impso zanga zikafa mudzandipatsa?"

Anapalasa mpaka tinafika pamwamba pa chitundacho. Kenako anati, "Yatsala imodzi, mwanawe. Iwe uzingokhala wolimba."

Ndinalira mpaka malaya awo ananyowa kumsana. Kwa azakhali atate anasamba, nachapa zovala, nakhala panja mpaka zitauma, kuopa kutengera matenda kwathu.

Nditachira n'kubwerera, mana anandiitana pawindo. Anayang'ana timabala tanga, nandifunsa ngati ku Chipera ndinkasamba kumtsinje ndi anzanga. Nditavomera anati, "Undiuze zonse, usasiye kanthu." Ndinafotokoza za madzi ozizira ndi masuku otola pansi, iwo akumeza malovu. Ndinkawonjezera dala.

Mana anakhala nafe zaka zingapo. Chinawatenga ndi chibayo, m'dzinja lina msewu utaduka, galimoto yosowa podutsa.

Lero zinthu zinasintha. Mwana akatentha thupi timaimba foni, njinga yamoto n'kufika pakhomo, ndipo chibayo chotere mwina akanachira nacho. Poti nanenso ndine mayi, ndikudziwa chomwe amayi anamva pobweza manja awo tsiku lija. Komabe atate ali pafupi kumwalira anapempha kuti akaikidwe pambali pa Rozita. Ndinali ndi imvi kale, koma nditamva mawuwo mtima unandiluma ngati mwana.