Chisiyireni Kusamba

Tsitsi langa linali lomvera. Ndili mtsikana ku Ulongwe kuno anzanga ankachita kulimbirana kuti andiluke, chifukwa linali lofewa ndipo mizere yake inkakhala mwezi wathunthu osasokonekera. Ndiye mukamaona duku ndimamangali musamati ndi ulemu. Ndimabisa nyansi.

Zinayamba nditasiya kusamba. Kwathu kuno mayi akati wasiya kusamba, aliyense amamva kuti zakumwezi zija zatha, wakula, sadzaberekanso. Ine ndinakondwa, ndinati ndapumula, osadziwa kuti zimabwera ndi abale ake. Thupi linayamba kumangotentha lokha ngati wina wandibereketsa mbaula, thukuta kamukamu pansi pa duku, ndipo tsitsi lija linauma gwa. Ukalipesa linkachita kulira. Chipeso changa chinaguluka mano atatu tsiku limodzi. M'mbali umu linayamba kuthothoka, pakatipa n'kumangoima nyankhalala, mfundu ikuyoyokera pa bulauzi ngati ndachokera kuchigayo. Tsiku lina bambo akunyumba anasolola tsitsi loyera m'mbale ya therere, analiyang'ana, n'kulipukutira pa mwendo wa mpando. Iwo anapitiriza kudya. Ine ndi amene ndinasamba m'manja. Asa!

Chimene chimandiwawa n'choti palibe anandichenjeza. Kuchinamwali anankungwi anatiuza zonse za poyambira mpaka makutu kuwawa. Za posiyira, zii.

Patapita zaka zitatu mwana wanga wachisamba, amene amakonza njinga zamoto ku Liwonde, anabwera kudzatiuza kuti wapeza mbeta. Kwawo kwa mtsikanayo ndi ku Balaka, koma anakulira ku Joni kumene bambo ake ankagwira ntchito, ndipo anabwerera kuno bambowo atamwalira. Ankhoswe anali atakumana kale. Chotsala chinali choti ine ndikaonane ndi mayi ake, asewere angawo, tidziwane. Anapangana Loweruka.

Mwanayo anali atachedwa kale kukwatira, anthu atayamba kunena zambiri, ndiye ulendowu sindinautenge mwamasewera. Ndinadandaulira alamu anga, akazi a achimwene, amene timagulitsa nawo tomato pamsewu.

"Alamu," anatero iwo atasuzumira pansi pa duku langa, "tsitsi limeneli lili ndi njala. Lidyetseni."

Anati nditenge peyala lakupsa kwambiri, dzira laliwisi ndi mafuta a nsatsi, ndikande zonse pamodzi, ndipake, ndivale jumbo kumutu, pakapita kanthawi nditsuke. Inali nyengo ya mapeyala, ndiye Lowerukalo m'mawa ndinachita zonsezo. Phala lake linali lobiriwira, lotelera, longa zimene mwana wakhanda amasiya m'thewera, koma ndinalimba mtima. Chimene alamu sanandiuze, nanenso sindinafunse, n'choti madzi otsukira akhale ozizira. Ine ndinaganiza kuti mafuta amamvera madzi otentha, ndiye ndinaphula amene anali pamoto, ndinasukuluza pang'ono, khuthu kumutu.

Safunsa anadya phula. Dzira linapsera m'mutu mwanga.

Nditayang'ana pakalilole ndinaona tizibenthu toyera titamatirira patsitsi lililonse, kuyambira pamphumi mpaka pankhongo. Ndinapesa, tinangolowerera m'kati. Ndinathira sopo wochapira, tsitsi linangomangana. Madzi anatha, kumjigo kunali mzere wautali, ndipo mwana wanga uja anali atayimba kale kawiri kuti asewere akundidikira ku Balaka. Ndinasamba thupi ndi ndowa imene ndinapempha kwa aneba, ndinavala chitenje chatsopano, ndinamanga duku kolimba, n'kukakwera minibasi.

Dzuwa la pakati pa mvula lija mumalidziwa, lotentha ndi chinyezi chomwe. Anatipanikiza anayi pampando, zenera la mbali yanga losatseguka. Tisanafike n'komwe pamphambano ya ku Liwonde, kutentha kwa m'thupi kuja kunandiyamba. Thukuta linasakanikirana ndi dzira, peyala ndi nsatsi, n'kuyamba kutsikira kuseri kwa makutu. Fungo lake, mayo ine! Mayi amene ndinayandikana naye anakokera mpango wake pamphuno. Kondakitala ananunkhiza uku ndi uku.

"Ndani wanyamula mazira osukusa muno? Atsike nawo!"

Inenso ndinatembenuka kumayang'ana anthu akumbuyo ngati ndikumufuna mwini mazirayo. Ntchentche imodzi yobiriwira, ija ya kuchimbudzi, inakana kunamizidwa. Inatera pa duku langa mpaka ku Balaka.

Asewere anandilandira bwino, mayi wooneka wa ukhondo, wigi yake yonyezimira. Anandikhazika pakhonde, iwo n'kukhala chapatali pang'ono kumene kunkachokera mphepo. Ndinaona koma ndinameza. Mtsikana uja anabwera, anagwada bwinobwino, ndipo ndinamukonda pomwepo. Chichewa chake chokha ndiye chinali chopepuka, cha m'sitolo, chosakaniza ndi Chingerezi.

Titadya, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndikakande m'mutu, chifukwa munkayabwa ngati muli linthumbu. Mtsikana uja anandipeza ndalowetsa chala pansi pa duku.

"Amayi, mutu ukupweteka?"

Ndinati uyu ndi mwana wanga tsopano, ndipo ndi mkazi mnzanga, ndimubisirenji.

"Iyayi mwanawe, ndi tsitsi. Chisiyireni kusamba, tsitsili landiukira."

Anandiyang'ana maso ali tong'o.

"Munasiya kusamba?"

"Kalekale. Chino ndi chaka chachitatu."

"Zaka zitatu? Eishi! Osasamba olo kamodzi?"

"Olo kamodzi. Ndipo sindikuzifunanso, zinkangonditopetsa. Ndinapumula."

"Nanga adadi sadandaula?"

"Iwowo? Akondwa kumene. Usadabwe mwanawe, ukadzakula nawenso udzasiya. Kwathu tonse timasiya."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, ine n'kumati ndi manyazi a mwana woleredwa bwino. Ndinakwera minibasi yobwerera ndili wokhutira kuti ndayamba bwino ndi mpongozi wanga.

Dzira lija linanditengera masiku anayi kuti lithe m'mutu, ndipo linapita ndi tsitsi lodzaza dzanja. Alamu anaseka mpaka kugwetsa mulu wa tomato. Koma ku Balaka kunangoti zii. Tsiku la chinkhoswe limene ankhoswe anagwirizana linasunthidwa, kenako linasunthidwanso. Mwana wanga akayimba foni ankangofunsa za mbuzi ndi za bambo ake, ndikafunsa za mtsikana n'kumati netiweki ikuvuta.

Patatha milungu itatu anabwera yekha, ataonda, pa njinga yake atamangirira beseni latsopano lapulasitiki. Analiika patsogolo panga, n'kukhala pansi osandiyang'ana. M'besenimo munali sopo wonunkhira, chinkhupule, mwala wokwechera mapazi, thaulo ndi botolo la perefyumu.

"Zachokera ku Balaka," anatero. "Akuti mphatso yanu."

"Zikomo. Nanga chinkhoswe?"

Anayamba kujambula pansi ndi kamtengo.

"Amayi, musakwiye. Iyeyu akuti amandikonda, koma akuopa. Akuti munamuuza nokha kuti kubanja kwathu akazi akakula amasiya kusamba, ndipo nayenso adzayenera kusiya. Akuti mwambo umenewo sangauthe. Ndiye akupempha kuti mwina muyambirenso, olo kawiri pa mlungu."

Ndinayang'ananso m'beseni muja. Kenako zonse zinabwera pamodzi: maso aja, kubwerera m'mbuyo kuja, asewere kukhala kumphepo kuja. Ine! Ine amene ndimasamba m'mawa ndi madzulo, amene zidendene zanga sizinang'ambikepo, lero ndiphunzitsidwe chinkhupule ndi kamwana kadzana? Ndipo mwana wanga wobereka ndekha, amene anakula akundiona ndikulowa kubafa ndi ndowa, n'kunyamula beseni kuchoka ku Balaka osafunsa mutu wake? Amuna inu, Mulungu akukhululukireni.

Choipa kwambiri n'choti sindikanatha kumufotokozera. Mayi sakamba zakumwezi ndi mwana wake wamwamuna, ngakhale atamera imvi. Iye anaona kuti ndangokhala chete, ndiye anaganiza kuti ndavomera mlandu.

"Madzi ndizikutungirani ine ndikabwera," anatero motsitsa mawu.

Ndinamuuza kuti anyamuke ndisanamugende ndi mwala wa mapazi uja.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Balaka, beseni lili pamiyendo. Ndinapeza asewere akusankha mpunga pakhonde. Sindinadikire n'komwe kuti malonje athe.

"Asewere, mwana wanu anakuuzani kuti chiyani za ine?"

Anazengereza, kenako anati anawauza kuti sindilowa kubafa, ndipo iwo sakanatsutsa poti tsiku lija, pepani, anamva okha. Ndinawauza za dzira. Kenako ndinabwereza mawu anga enieni, mmene ndinawanenera kuseri kwa nyumba yawo. Anayamba ndi kutsegula pakamwa, kenako lichero linagwa, mpunga mbwee, nkhuku n'kuthamangira. Anaseka mpaka kugona chammbali, misozi ili chuchuchu. Ine sindinaseke. Panalibe choseketsa.

Atapuma anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu, n'kuvula wigi ija. M'mbali monse munali mbee, pakati tiudzu touma totuwa, kuposa langa.

"Ine chaka chachisanu," anatero.

Tsono tonse awiri tinali ndi mutu umodzi, koma wina anabisa mu wigi n'kumakhala kumphepo ngati wabwino. Anaitana mwana wawo, n'kumufotokozera m'Chichewa, pena m'Chingerezi, zimene anayenera kumuuza kalekale akanakhala kuti anamubweretsa kumudzi kudzalangizidwa. Mtsikanayo anagwira pakamwa, anagwada, analira kuti ndimukhululukire. Ndinamukhululukira, nanga n'kutani, mwana wanga anali ataonda. Koma ndinafunsa funso limodzi.

"Unauzapo ndani wina?"

Anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana nkhuku. Azakhali ake anali atamva, amayi ake aang'ono anali atamva, ndipo amayi aang'onowo amagulitsa mandasi pamsika.

Tsiku lomwelo mtsikanayo anandikhazika pampando, anandivula duku ndi manja ake osachita tsinya, n'kunditsuka m'mutu m'beseni lomwe lija ndi madzi ozizira. Anadula nsonga zonse zakufa ndi sizasi. Anandiuza kuti ndisiye sopo wochapira, ndizitsuka kamodzi pa mlungu, ndizipaka mafuta pang'ono tsitsi likadali lonyowa, ndisamalikoke poluka. Ndimatsatira mpaka lero. Silinabwerere mwakale, ndisakunamizeni, likadali louma ndipo likadandinyansa, koma chipeso chinasiya kuguluka mano.

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika m'chilimwe cha chaka chomwecho ku Balaka. Tsiku la ukwatilo ndinasamba kawiri dzuwa lisanakwere, ndinavala zoyenera mayi wa mkwati, ndinathira ndi perefyumu ija. Mwana wanga anali atanenepanso, akungomwetulira ngati wopusa. Ndinavina, ndinafupa, ndinati basi nkhani ija inafera pakhonde paja.

Tikutuluka m'holo, mayi wina wachikulire wa kuchikazi, amene sindinamuonepo chibadwire, anandithamangira n'kundikumbatira. Anandigwira nthawi yaitali, mphuno yake ili pakhosi panga, ndipo ndinamva akukoka mpweya kawiri. Atandisiya anandisisita paphewa, nkhope ili yodzaza chifundo.

"Lero ndiye mwayesetsa, mayi," anatero. "Musasiyenso."

Pambali panga panali mwana wanga, bambo ake ndi abusa. Ndinati zikomo.