Khutu la Nkhosa

Pamwamba pa filiji yathu ku Deira, mumzinda wa Dubai, pankakhala chitini cha mafuta a olivi, chojambulidwa mtengo ndi zilembo zachigiriki. Amayi sankalola kuti chitsegulidwe. Anawapatsa ndi abwana awo, Mgiriki amene ankaitanitsa mafutawo kuchokera kwawo n'kuwasunga m'nyumba ya katundu ku Al Quoz asanawatumize ku Kazakhstan. Amayi ndiwo ankalemba makalata a katunduyo, ndipo viza yawo, ndi yanga yomwe, inali m'manja mwa kampaniyo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

M'nyengo yotentha imeneyo Amayi anasiya kuyimba pochapa. Ndinkawamva pafoni akuuza amalume ku Zomba kuti, "Zonse zidziwika akabwera a ku Kazakhstan." Ine ndinamvapo zanga: alendowo akangokwiya, khalas, basi zatha, tikulongedza.

Alendowo atafika anaitanira abwana ndi antchito awo ku chakudya chamasana, ndi ana omwe. Mu sitima ya Metro Amayi anandikonza kolala katatu. "Chilichonse chimene akupatse, ulandire ndi manja awiri."

Ndiye anabwera nawo mutu wa nkhosa pambale, wowiritsa, mano ali pamtunda, ukununkhabe ubweya wowauka. Mayo ine! Mkulu wa alendowo, bambo wa masharubu a imvi, anadula nyama n'kugawira akuluakulu. Kenako anadula khutu n'kuloza ine. Womasulira anati kwawo khutu amapatsa mwana kuti azimvera. Maso onse pa ine, abwana akupukuta thukuta ndi kansalu.

Khutulo linali litazizira, lolimba ngati lamba, lokukutika m'mano. Ndinayang'ana Amayi, ndinaganiza za viza, ndinameza. Anthu anawomba m'manja. Mgiriki ndi Mkazaki anakumbatirana, n'kusayina mapepala pathebulo pomwepo.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda chodzikweza, chitsiru ine, ndikuti ndapulumutsa banja. Mpaka lero zimandiwawa kuti palibe anandiuza. Mapepala aja ankanena kuti mafuta azichoka ku Girisi kulunjika ku Kazakhstan, osadzeranso ku Dubai. Nyumba ya katundu ija inali yoti itsekedwe, ndipo amene anawataipa mapepalawo, kutatsala sabata kuti alendo afike, anali Amayi omwewo.

Tsiku la khutu lomwelo Amayi anatsitsa chitini chija, n'kuchiboola ndi mpeni, n'kukazingira mazira. Ine ndinavina m'khitchini, ati tikukondwerera. Sindinadziwe kuti Amayi anali atayamba kale kuchepetsa katundu wokwera naye ndege yobwerera kwathu.